Ulendo wa kwathu umayambira kumapeto

M'magulu athu a WhatsApp a anthu a mu Zambia okhala kunja, mwezi wa October ukangofika pamabwera funso limodzimodzi: "Anzanga, tikiti yotchipa ya ku Lusaka mwaiona kuti?" Sipapita nthawi, ma screenshot ayamba kugwa ngati matalala. Wina wapeza yodzera ku Addis Ababa, wina yodzera ku Doha, wina ya makampani atatu imene mtengo wake ukuoneka ngati wa basi. Tonse maso amathamangira pa ndalama. Ndi ochepa amene amawerenga tizilembo ta pansi, tonena kuti pakati pa ndeke yoyamba ndi yachiwiri pali mphindi 55 chabe, kapena maola 19, kapena kuti katundu uyenera kuutenga wekha n'kuuperekanso. Koma ulendo umakomera kapena kuonongekera pamenepo. Tikiti yotchipa imene yakufikitsa ukwati utatha, kapena maliro ataikidwa kale, ndiyo yodula kupambana zonse.

Makolo athu amakumbukira nthawi imene nkhani iyi inali yosavuta. Zambia Airways yakale inali ndi DC-10 yotchedwa Nkwazi, ndipo munthu ankakwera ku London n'kudzatsikira ku Lusaka. Kampaniyo inatsekedwa mu December 1994. British Airways inapitiriza njira ya London mpaka October 2013, nayonso n'kuleka, ndipo KLM inasiya kubwera mu 2014. Zambia Airways yatsopano, imene inayamba kuuluka mu December 2021 mogwirizana ndi Ethiopian Airlines, imayenda maulendo a pafupi. Ndiye ife a m'badwo uno, kaya ndife manesi ku Manchester, ana a sukulu ku China ndi ku India, kapena ogwira ntchito ku Perth ndi ku Toronto, tinazolowera kuti kwathu sitifika ndi ndeke imodzi. Timalowera pa makomo a eni ake. Kuchokera ku Addis Ababa ndi maola pafupifupi 4, ku Nairobi sakwana 3, ku Johannesburg ndi 2, ku Dubai ndi pafupifupi 7. Palinso Kigali ndi Doha. Khomo lililonse lili ndi malamulo ake, wotchi yake ndi mavuto ake.

Chimene zaka zatiphunzitsa n'chakuti ulendo wobwerera kwathu uyenera kuwerengedwa kuyambira kumapeto. Choyamba tidzifunse kuti tiyenera kukhala pa khomo la nyumba iti, tsiku liti, nthawi yanji. Tikadziwa zimenezo m'pamene timabwerera m'mbuyo, sitepe ndi sitepe, mpaka pa tsiku lonyamuka. Ambiri timachita mosemphana: timagula tikiti, kenako n'kuyamba kukakamiza abululu onse kuti agwirizane nayo.

Kenneth Kaunda International Airport si kwathu, ndi pakhomo chabe. Ili pamtunda wa makilomita oposa 20 kuchokera m'tauni, ndipo kwa ambiri a ife ulendo weniweni umayambira pomwepo. Titenge munthu wa ku Chipata. Ndeke yake yatera ma 14 hours. Akamamaliza ku Immigration, kuyembekeza masutikesi ndi kudutsa ku ZRA, ma 16 hours ayandikira, ndipo mabasi a m'mawa a kum'mawa anapita kalekale. Ndiye agona kwa azakhali ku Chelstone kapena ku Kaunda Square, adzuke kusanache kuti akapeze mpando ku Intercity. Patsogolo pake pali makilomita pafupifupi 570 a Great East Road: Chongwe, Rufunsa, mapiri a Manenekera, Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete. Ngati kwawo ndi ku Lundazi kapena ku Vubwi, pali motoka ina yoti akwerenso, ndipo m'nyengo ya mvula msewu womaliza wa fumbi uli ndi maganizo ake. Tikiti inalemba kuti ulendo ndi wa maola 17, koma munthuyu wagona panjira masiku awiri kapena atatu.

Tikayambira kumapeto timaonanso njira zimene sitinaziganizire. Wa ku Chipata, Chadiza kapena Katete angachite bwino kuyang'ana mtengo wa tikiti ya ku Lilongwe, chifukwa kuchokera kumeneko kufika ku Chipata, kudzera ku Mchinji ndi pa boda ya Mwami, sakwana makilomita 150. Ndeke za ku Addis Ababa ndi ku Nairobi zimatera kumenekonso, ndipo pasipoti ya Zambia siifuna viza ku Malawi. Wa ku Copperbelt asamangolemba Lusaka mwa chizolowezi, popeza Ndola ili ndi eyapoti yake ya Simon Mwansa Kapwepwe imene imalandira ndeke za kunja, ndipo angapewe makilomita oposa 300 a msewu wodzaza mathiraki. Wa kum'mwera ali ndi Livingstone. Nthawi zina tikiti yodulirapo pang'ono imachotsa tsiku lathunthu la ulendo, pamodzi ndi ndalama ya taxi, ya basi ndi ya malo ogona.

Chinthu chachiwiri, chimene chimapambana zonse, ndi kusiyana kwa tikiti imodzi ndi matikiti awiri. Pa foni zimaoneka zofanana, koma si zofanana. Ulendo wonse ukakhala pa booking imodzi, ya nambala imodzi, kampani ya ndeke yalonjeza kukufikitsa kumapeto. Sutikesi amaimata chipepala cholembedwa LUN ndipo imasamutsidwa iwe osaigwira. Ndeke yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsa yachiwiri, ndi udindo wawo kukuika pa ina popanda kulipiranso, ndipo kawirikawiri amapereka chakudya ndi malo ogona. Koma ukagula matikiti awiri osiyana, kapena ya pa intaneti yolembedwa self-transfer, palibe amene wakulonjeza kanthu. Kampani yachiwiri siidziwa zoti unali mu ndeke ina. Kwa iyo ndiwe munthu amene sanabwere pa nthawi yake, ndipo lamulo la makampani ambiri ndi lakuti ukaphonya gawo limodzi la ulendo, magawo otsala onse amafafanizidwa, ngakhale la pobwerera ku ntchito mu January. Umapezeka waima pakati pa dziko la eni, uli ndi masutikesi awiri, ukugula tikiti yatsopano pa mtengo wa tsiku lomwelo.

Pali msampha winanso mkati mwa matikiti awiriwa. Kuti utenge katundu wako n'kukaperekanso, uyenera kudutsa ku Immigration ndi kulowa m'dzikolo. Ku Johannesburg zimenezi sizivuta kwambiri, chifukwa pasipoti yathu imalowa ku South Africa popanda viza pa ulendo waufupi. Ku Dubai n'zosiyana: kukhala mkati mwa eyapoti n'kololedwa, koma kutuluka kumafuna viza. Ndiye ndalama imene timaganiza kuti tapulumutsa ingathere pa viza, kapena ulendo n'kuthera pa kauntala yoyamba.

Nanga layover yabwino ndi yaitali bwanji? Eyapoti iliyonse ili ndi nthawi yochepetsetsa yosinthira ndeke, ndipo kompyuta siigulitsa tikiti imodzi yochepera pamenepo. Koma nthawiyo anaiyeza ndi munthu wa miyendo yopepuka, amene ali ndi kachola kamodzi ndipo amadziwa njira. Sanaiyeze ndi mayi amene wabereka mwana kumsana, wina wamugwira padzanja, ndi chola chodzaza mphatso paphewa. Tikumbukirenso kuti nthawi yolembedwa pa tikiti ndi yonyamukira ndeke, pamene geti limatsekedwa mphindi 15 kapena 20 nthawiyo isanakwane. Pa maeyapoti ena ndeke imaima patali, mumakwera basi kupita ku nyumba yaikulu, n'kuima pa mzere wa security kachiwiri, kuvula lamba ndi kutulutsa laputopu. Ola limodzi limene linkaoneka lokwana latsala mphindi khumi. Ife muyezo umene timaudalira ndi uwu: pa tikiti imodzi, maola awiri ndi hafu mpaka anayi, ngati pali ana kapena okalamba, tiyandikire ku anayi, ngati tikakamizika kugula matikiti awiri, tisiye maola asanu ndi limodzi kapena tigone pakati.

Funso limene timaliiwala ndi ili: ndikaphonya iyi, ina yopita ku Lusaka inyamuka liti? Munthu wopita ku Paris kapena ku Mumbai akaphonya, amayembekeza maola ochepa chabe. Ife sitili choncho. Pa makomo ambiri ndeke ya kwathu imanyamuka kamodzi kapena kawiri pa tsiku, ndipo makampani ena sabwera tsiku lililonse. Kuphonya ndi mphindi zisanu kungatanthauze tsiku lathunthu, ndipo mu December, pamene aliyense akupita kwawo, ndeke ya mailo ingakhale yodzaza kale. Ndiye tisanalipire tiyang'ane ndandanda ya kampaniyo ya sabata yonse. Layover yaifupi pa njira ya ndeke ziwiri pa tsiku ndi nkhani ina, layover yaifupi pa njira ya katatu pa sabata ndi njuga.

Layover yaitali nayo ili ndi mtengo wake wobisika. Maola 14 pa mpando wachitsulo amadya ndalama mwakachetechete: madzi, tiyi, chakudya, zonse m'madola. Umafika kwathu maso ali psuu, tsiku loyamba lonse n'kuthera pa bedi, anthu amene anabwera kudzakuona akungocheza ndi sutikesi. Makampani ena amapereka hotelo ngati kuyembekeza kwatalika ndipo panalibe ndeke ina yofulumira. Ethiopian Airlines imadziwika ndi zimenezi pa layover ya maola 8 mpaka 24, ndipo Emirates ili ndi dongosolo lake lotchedwa Dubai Connect. Koma zili ndi malamulo ake, ndipo zimafunika kufunsa ndi kulembetsa tisananyamuke, osati titafika kale pakati pa usiku. Safunsa anadya phula.

Pamenepa pabwera nkhani ya kakhadi kachikasu ka katemera wa yellow fever. Ethiopia ndi Kenya ali pa mndandanda wa mayiko amene matendawa amapezeka, ndipo mayiko ambiri, kuphatikizapo South Africa, amafuna kakhadika ngati wakhala pa eyapoti ya dziko lotere maola oposa 12. Chabwino n'chakuti kuyambira mu July 2016 katemera mmodzi amagwira ntchito moyo wonse, ngakhale pa khadi lakale patalembedwa zaka khumi. Kakhadika kazikhala mkati mwa pasipoti nthawi zonse.

Za maviza tiyenera kuziwerenga ndi pasipoti yathu m'manja, osati kutengera mnzathu amene anasintha mtundu wa pasipoti. Ku America kulibe zongodutsa: aliyense wotera kumeneko amalowa m'dziko, ndiye wochokera ku Canada kapena ku Caribbean amene tikiti yake idzera ku New York kapena ku Washington afunika viza ya America ngakhale kwa maola awiri. Ku Europe, tikiti yoima kawiri mkati mwa Schengen, mwachitsanzo Frankfurt kenako Rome, imatanthauza kuti walowa m'deralo, chifukwa ndeke ya pakatiyo imatengedwa ngati ya m'dziko limodzi. Ku London, kutera ku Heathrow n'kukanyamukira ku Gatwick ndi kulowa mu UK. Ndipo amene amakuletsa si wa Immigration wa kutsogolo, ndi wa pa kauntala yoyamba, chifukwa kampani imalipitsidwa chindapusa ikanyamula munthu wopanda mapepala. Tionenso tsiku lothera pasipoti, popeza mayiko ambiri amafuna kuti itsale ndi miyezi isanu ndi umodzi. Kuyambira mu 2016 malamulo a Zambia amalola kukhala nzika ya mayiko awiri, ndiye ena a ife timayenda ndi mapasipoti awiri. Dzina la pa tikiti lifanane ndendende ndi la pa pasipoti imene tidzaonetsa. Tisaiwalenso chilolezo chokhalira kumene tikuchokera, chifukwa pobwerera adzachifuna ku Lusaka komweko.

Pa nkhani ya wotchi, ife a mu Zambia tili ndi mwayi. Tinakulira kunena kuti "tidzaonana ma 15 hours", ndiye nthawi ya pa tikiti siitisokoneza ngati anzathu a a.m. ndi p.m. Koma msampha ulipobe. Ndeke ya 00:30 pa 20 December imafuna kuti ukhale pa eyapoti madzulo a pa 19. Amene wabwera madzulo a pa 20 wapeza inapita dzulo. Nthawi iliyonse ya pa tikiti ndi ya malo amene yalembedwapo. Addis Ababa, Nairobi ndi Doha ali patsogolo pathu ndi ola limodzi, Dubai ndi maola awiri, pamene Johannesburg, Kigali ndi Lilongwe ali pamodzi ndi ife. London imatsalira maola awiri m'nyengo yawo yozizira, ola limodzi m'nyengo yotentha. Foni imene sinapeze netiweki ingapitirize kuonetsa nthawi ya kumene wachokera, iwe uli phee kumwa tiyi, dzina lako likuitanidwa. Ndipo ku Ethiopia anthu amawerenga maola kuyambira m'bandakucha, kotero 7 koloko ya m'mawa kwa iwo ndi ola loyamba. Wotchi yoikhulupirira ndi ya pa bolodi la maulendo, ndipo geti lingasinthe nthawi iliyonse. Tizikumbukiranso kuti ndeke zina zimaima ku Lusaka n'kupitirira ku Harare, zina zimayambira ku Harare kapena ku Lilongwe. Si kutera kulikonse kumene ndi kwathu.

Katundu ndi nkhani imene tonse timaidziwa. Makampani ambiri a njira za ku Africa amalola masutikesi awiri a makilogalamu 23, ndipo sitinaonepo munthu wa kwathu amene anasiyako malo. Muli nsapato za adzukulu, mafuta odzola a amayi, jekete ya atate, foni ya mlongo, ndi maphukusi a anzathu amene anangoti "kanthu kang'ono chabe". Phukusi lililonse la mwini tizilitsegula pamaso pake, ngakhale ndi wa ku tchalitchi kwathu, chifukwa pa eyapoti chimene chili m'chola chako ndi chako, ndipo mayiko ena amene timadzeramo ali ndi zilango zoopsa. Ngati gawo lomaliza ndi ndeke yaing'ono, monga yopita ku Mfuwe kapena ku Solwezi, ndipo tikiti yake ndi yapadera, muyezo wa katundu umatsika ndipo zoonjezera zimalipitsidwa. Pa kauntala tiziwerenga chipepala chomatidwa pa sutikesi: LUN ndi Lusaka, NLA ndi Ndola, LVI ndi Livingstone, LLW ndi Lilongwe. LAD ndi Luanda, ndipo sutikesi yopita kumeneko siidzadya nafe Khrisimasi.

Pa layover yaifupi munthu angathamange n'kukwera, koma sutikesi ilibe miyendo. N'chifukwa chake chola cha m'manja chizikhala ndi zonse zimene ulendo sungayende popanda izo: mankhwala, mapepala, chaja, power bank imene sailola n'komwe mu katundu wa pansi, zovala zosinthira, ndipo ngati tikupita ku ukwati, suti kapena diresi lenilenilo, ndi mphete ngati tatumidwa. Sutikesi ikapanda kutuluka, tisachoke pa eyapoti tisanalembetse ndi kulandira pepala la lipoti lokhala ndi nambala. Pangano la Montreal la 1999, limene limalamulira maulendo ambiri a pakati pa mayiko, limapereka masiku 7 odandaulira za katundu woonongeka, ndipo katundu amene sanafike pakatha masiku 21 amatengedwa kuti watayika. Pa lipotilo tipereke nambala ya foni imene ikugwira ntchito. SIM yathu yakale imene yagona m'kabati zaka ziwiri mwina inapatsidwa kale munthu wina.

Ngakhale titakonza bwino chotani, chakudza sichiimba ng'oma. Mu April 2024 mvula yoopsa inasefukira ku Dubai, maulendo n'kusokonekera masiku angapo. Mu March 2025 moto pa malo a magetsi unatseketsa Heathrow pafupifupi tsiku lonse. Kumapeto kwa November 2021, nkhani ya Omicron itamveka, UK inaika Zambia pa mndandanda wofiira m'masiku ochepa chabe, ndipo anthu amene anabwera kudzacheza anapezeka atsekeredwa. Palibe amene akanazidziwiratu. Chimene tingachite ndi kusiya mpata. Ngati ukwati uli pa Chiweru, tifike pa Chitatu. Kulamba ku Mkaika imachitika kumapeto kwa August ndipo Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa February, ndipo palibe amene adzaimitsa ng'oma chifukwa ndeke yathu yachedwa ku Nairobi. Tidziwenso ufulu wathu: ulendo woyambira ku European Union kapena ku UK pa tikiti imodzi, ukafika kumapeto mochedwa kwambiri chifukwa cha vuto la kampani, pali chipukuta misozi chofika ma euro 600 kapena mapaundi 520 pa maulendo aatali. Ambiri sitipempha chifukwa sitidziwa.

Zonsezi n'zosavuta kukamba pamene tili ndi miyezi itatu yokonzekera. Koma pali ulendo wina umene tonse okhala kunja timauopa, umene umayamba ndi foni yolira pakati pa usiku. Pamenepo palibe nthawi yofananiza mitengo, mutu sugwira, manja akunjenjemera, ndipo m'pamene munthu amagula tikiti yoyamba imene waiona. Kwathu funso limakhala limodzi: "Ufika liti?" Pa yankho limenelo pamadalira zonse. Akuluakulu a banja amakhala pansi n'kusankha tsiku loika, amauza a tchalitchi, okumba manda, a mabasi onyamula anthu kupita ku Leopards Hill kapena ku Chingwere. Tsiku lililonse loonjezera pa nyumba ya maliro ndi matumba a unga, malasha, ndiwo, ndalama ya ku mochale, ndi azimayi ogona pansi usiku wina, azibambo akuwotha moto panja. Kumudzi kumene kulibe mochale pafupi, kuyembekeza n'kovutirapo. Tikanena kuti tifika pa Chinayi chifukwa tadalira layover ya mphindi 50, taika mtolo wonsewo pa mphindi 50 zimenezo.

N'chifukwa chake pa maliro wofedwa asamagule yekha tikiti. M'magulu athu tizigawana ntchito monga timachitira kwathu: wina asonkhe ndalama, wina wa mutu wozizira akhale pa kompyuta, wina aperekeze ku eyapoti. Tikiti ikhale imodzi, ya kampani imene ili ndi ndeke ina tsiku lotsatira, layover ya maola atatu kapena anayi, ndipo ngati n'kotheka chola cha m'manja chabe, muli zovala zakuda ndi chitenge. Nthawi imene tiuza amalume isakhale yoterera ndeke. Ikhale yofikira pa nyumba, titaonjezapo mpata wa vuto limodzi. Ndipo ngati tawerenga n'kuona kuti sitikwanitsa, pali mawu ovuta amene nthawi zina ndi achikondi kupambana lonjezo: "Amalume, musandiyembekeze, ikani. Ndidzafika kudzaona manda." Kunena zimenezi kumapweteka, koma kumamasula anthu amene atopa kale ndi kulira. Chimene tingachite lero, pamene zonse zili bwino, ndi kusunga pasipoti yosatha, kakhadi kachikasu pamalo podziwika, ndi kandalama ka ulendo kosakhudzidwa, ngakhale ka m'chilimba.

Tiganizirenso makolo athu amene amayenda njira zomwezi, amayi obwerera kwawo atatha miyezi isanu akulera mdzukulu ku Leeds kapena ku Dallas. Tikiti imene ife tingaithamangire si ya iwo. Tiwasankhire njira yosintha kamodzi chabe, ndipo tipemphe thandizo la wheelchair pogula tikiti ngakhale amayenda okha bwinobwino. Ndi laulere, ndipo limatanthauza kuti pali munthu wowatenga pa khomo la ndeke mpaka pa geti lina. Tiwalembere pa pepala, ndi zilembo zazikulu, nambala za ndeke, kumene akupita ndi mafoni awiri, wa kuno ndi wa kwathu. Mankhwala a BP ndi a shuga akhale m'chola cha m'manja.

Pali chinthu chimodzi chokoma pa layover chimene sichilembedwa pa tikiti. Ukayenda m'makonde aatali a eyapoti ya eni, pakati pa zilankhulo zosamveka, umafika pa geti lina n'kumva wina akukamba pa foni kuti "manje tili pafupi kukwera, muuze Junior abwere na motoka". Kumbali wina akuseka m'Chibemba, mayi wina wafunda chitenge chifukwa cha kuzizira kwa ma air con. Usanafike n'komwe, kwathu kwakupeza. Pa geti limenelo timasungirana zola popita ku chimbudzi, timabwerekana chaja, timadzutsana. Tikaona agogo atagwira boarding pass mozondoka, tisachite manyazi kufunsa kuti, "Amama, mupita ku Lusaka? Tiyeni tikhale pamodzi." Ndeke ikachedwa, amene ali ndi data auzeko abululu a mnzake.

Pomaliza, tisaiwale kuti layover siikhala yathu tokha. Pamene tili pa mpando ku Doha kapena ku Addis Ababa, ku Matero kapena ku Kabwata kuli munthu amene wapempha tchuti ku ntchito, wabwereka motoka, wathira mafuta a ndalama imene inali ya ndiwo. Kumudzi nkhuku yagwidwa kale. Anthu amenewa tiziwatumizira nambala ya ndeke yomaliza kuti aziona okha pa foni ngati yachedwa, tiziwauza tikatera pakati ndi pamene takwera, ndipo tiziwauza kuti kutuluka pa eyapoti kumatenga ola kapena kuposa. Ife timawerenga ulendo m'mapaundi ndi m'madola, iwo amauwerenga m'masiku amene adzakhala nafe, ndipo masikuwo ndi ochepa kale. Tsiku limene tataya pa benchi ya eyapoti chifukwa chofuna kupulumutsa pang'ono talichotsa pa iwo. Tikamatsegula foni kufunafuna tikiti ya December, tiyambe talemba dzina la mudzi ndi tsiku limene amayi akutiyembekeza, mtengo ubwere pambuyo.